Msika wopanda fumbi: mbiri ya malonda a pa intaneti

Aliyense amene adatumidwapo kukagula nkhuku pamsika akuudziwa mwambo wake. Umayamba waiyang'ana m'maso, kenaka n'kuinyamula kuti umve kulemera kwake, n'kuipapasa pachifuwa ngati ili ndi mnofu. Wogulitsa akatchula mtengo iwe umadabwa mwadala, n'kuyamba kuchokapo pang'onopang'ono mpaka akuitane kuti, "Tabwerani bwana, nanga muli ndi zingati?" Mukamvana, ndalama imachoka m'dzanja lako kulowa m'dzanja lake, nkhuku ija n'kuipanira m'khwapa, ulendo wa kunyumba. Zonse zathera pomwepo. Ndipo ikakafa usiku womwewo ndi chitopa, ukudziwa mtengo umene mwiniwake amakhala patsinde pake tsiku la msika.

Lero munthu yemweyo akutha kukhala m'nyumba mwake ku Area 25 kapena ku Chilomoni, n'kuona pafoni zithunzi za galimoto yomwe yaima pabwalo lina ku Japan, n'kutumiza ndalama zomwe wakhala akusunga kwa zaka zisanu kwa anthu omwe sadawaonepo chibadwire. Akatero amakhala pansi kudikira sitima yapamadzi. Agogo athu akadamva zotere akadati mwanayu zamusokonekera. Komatu galimoto zochuluka ndithu mwa zomwe zadzaza misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zidabwera mwa njira imeneyi.

Nanga zidatheka bwanji kuti munthu wanzeru zake akhulupirire chithunzi, pomwe akuluakulu adatichenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere? Anthu amakonda kufotokoza mbiri ya malondawa ngati nkhani ya makompyuta ndi anyamata anzeru a ku America. Makinawo alimo ndithu m'nkhaniyi. Koma mukaitsata bwino, awerengi, muona kuti pa sitepe iliyonse amalonda ankalimbana ndi mafunso omwe aja a pamsika wa nkhuku: katunduyo ndimuona bwanji, ndalama yanga aigwira ndani, ndipo adzandibweretsera ndani pakhomo?

Buku la mitengo

Kugula chinthu chili kutali sikudayambe ndi kompyuta ayi. Mu 1861 wamalonda wina wa m'tauni ya Newtown ku Wales, dzina lake Pryce Pryce-Jones, adayamba kutumiza timapepala ta mitengo ya nsalu zake zaubweya kwa anthu akutali. Iwo ankaitanitsa pa kalata, iye n'kumatumiza nsaluzo. Zidatheka chifukwa cha zinthu ziwiri zomwe zidali zachilendo masiku amenewo: sitampa yotsika mtengo, yomwe Britain idayambitsa mu 1840, ndi njanji.

Komwe malondawa adakulira zedi ndi ku America, dziko la mitunda italiitali. Alimi akumeneko ankakhala m'minda yotalikirana, ndipo dera lonse linkadalira sitolo imodzi. Mwini sitoloyo ankaika mtengo womwe wafuna, ndipo popeza alimi ambiri adali ndi ngongole m'buku lake, panalibe wotsutsa. Mu 1872 Aaron Montgomery Ward wa ku Chicago adasindikiza pepala limodzi lokhala ndi mayina ndi mitengo ya zinthu 163 n'kulitumiza kwa alimiwo. Patatha zaka zitatu, mu 1875, adaonjezera lonjezo lomwe lidasintha zinthu: ngati simukhutira ndi katundu, mubwezeni ndipo ndalama yanu ibwerera. Apa Ward adazindikira kuti mlimi saopa mtengo, amaopa kupusitsidwa.

Mnzake wopikisana naye adali Richard Sears, kalaliki wa pasiteshoni ya sitima ku Minnesota. Mu 1886 pasiteshonipo padafika bokosi la mawotchi lomwe wamalonda wa m'deralo adalikana. Sears adawagula n'kuyamba kuwagulitsa kwa makalaliki anzake a m'masiteshoni ena. Geni imeneyi ndiyo idabala kampani ya Sears, Roebuck mu 1893, ndipo pofika 1895 buku lake la mitengo lidali ndi masamba oposa 500. Munkapezeka makina osokera, njinga, nsapato, mapulawo, mfuti ndi mankhwala. Kuyambira 1908 mpaka 1940 munthu ankatha kuitanitsa nyumba yathunthu, matabwa ake odulidwa kale, misomali ndi utoto zili pomwepo, zonse n'kubwera pa sitima.

Boma nalo lidaikapo dzanja. Mu 1896 positi ofesi ya America idayamba kufikitsa makalata pakhomo pa alimi mwaulere, ndipo mu 1913 idayamba kunyamula maphukusi. Popanda mapositimani amenewa buku la Sears likadangokhala la zithunzi zoonera ana. Eni masitolo a m'midzi adapsa mtima, mwakuti m'madera ena ankasonkhanitsa mabukuwa n'kuwaotcha poyera.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe ife sitingailumphe. Kumwera kwa America, nthawi ya malamulo a tsankho, munthu wakuda akalowa m'sitolo ankadikira kuti azungu onse athandizidwe kaye, ndipo mwini sitolo ndiye ankamusankhira chomwe chikumuyenera. Buku la mitengo silinkaona khungu. Wolemba kalata ankalipira mtengo umodzimodzi ndi wina aliyense. Makolo athu omwe adagwira ntchito ku Lusaka ndi ku migodi ya ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1950, komwe munthu wakuda ankagula nyama kudzera pa kawindo ka kumbali, akadamvetsa msanga kukoma kwa sitolo yomwe siikuona nkhope.

Sears idasiya kusindikiza buku lake lalikulu lija mu 1993, ati silinkapindulanso. Chaka chotsatira, kufupi ndi Seattle kudabadwa kampani yomwe idatenga nzeru yomweyo n'kuiika pa kompyuta.

Gogo wa ku Gateshead

Intaneti isadafike kwa anthu wamba, ena adali atayesapo kale kugula kudzera pa waya. Mu 1979 Michael Aldrich wa ku England adalumikiza wailesi yakanema ndi kompyuta kudzera pa waya wa telefoni. Mu 1984 khonsolo ya tauni ya Gateshead idagwiritsa ntchito makinawa pofuna kuthandiza okalamba omwe sankatha kuyenda, ndipo gogo wina wa zaka 72 adaitanitsa mazira, majarini ndi chakudya cham'mawa kusitolo ya Tesco ali khale pampando wake. Katunduyo atafika pakhomo adalipira ndalama pamanja. Ku France nako boma lidayamba mu 1982 kugawa timakina totchedwa Minitel, tomwe anthu ankagulira matikiti a sitima ndi kuitanitsira katundu, ndipo tidagwira ntchito mpaka 2012.

Zonsezi zidali timisika totchingidwa ndi mpanda, kalikonse m'dziko lake. Chidagwetsa mipandayo ndi njira yolumikizira masamba a pa intaneti yomwe Tim Berners-Lee adakonza pakati pa 1989 ndi 1991. Komabe padali vuto: ndani angalembe nambala ya khadi lake la kubanki pamalo pomwe wakuba aliyense angaiwerenge? Yankho lidali kubisa nambalazo m'zilembo zosokonezeka zomwe makina a wogulitsa okha ndiwo angazimasule. Pa 11 Ogasiti 1994, kakampani ka anyamata kotchedwa NetMarket kadagulitsa chimbale cha woimba Sting pa madola 12.48 mwa njira yotereyi, ndipo ambiri amati amenewa ndiwo adali malonda oyamba otetezedwa a pa intaneti. Chaka chotsatira kampani ya Netscape idafalitsa loko wamtunduwu kwa aliyense wogwiritsa ntchito pologalamu yake.

Sitolo ndi okushoni

Chaka cha 1995 chidabala ana awiri osiyana khalidwe. Woyamba ndi Amazon, yomwe Jeff Bezos adaikhazikitsa mu 1994 n'kuitsegulira anthu mu Julayi 1995. Adayamba ndi mabuku, osati chifukwa chowakonda kwambiri, koma chifukwa buku silifunika kulipapasa. Buku lomwelo ndi limodzimodzi kaya waligula kuti, siliola, silisweka panjira, ndipo mabuku alipo ambiri kotero kuti palibe sitolo yomwe ingawasunge onse. Amazon idali sitolo: inkapikula katundu, n'kumugulitsa yokha.

Wachiwiri adabadwa mu Sepitembala chaka chomwecho. Pierre Omidyar, katswiri wa makompyuta wa ku California, adatsegula tsamba lomwe adalitcha AuctionWeb, lomwe mu 1997 lidasanduka eBay. Iye sankagulitsa kanthu. Adangolambula bwalo kuti aliyense abwere ndi katundu wake, ogula azipikisana mitengo monga zimakhalira ku okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe, iye n'kumadulapo kangachepe. Chinthu choyamba kugulidwa pamenepo chidali kachipangizo kolozera ndi kuwala, kowonongeka kale, pa madola 14.83. Omidyar atamufunsa wogulayo ngati wamvetsa kuti kanthuko n'kakufa, adayankhidwa kuti iye amasonkhanitsa zakufa zomwezo. Ha, padziko pali anthu!

Koma pabwalo lotere, pomwe wogula ndi wogulitsa sadziwana, wobera mnzake angamugwire ndani? Madandaulo onse ankafikira Omidyar yekha, ndipo atatopa nawo, mu 1996 adakonza malo oti aliyense akamaliza malonda azilemba momwe mnzakeyo wachitira. Wonama mbiri yake inkamutsata, wachilungamo naye mbiri yake inkamugulitsira malonda. Tinyenyezi tomwe mumationa lero pansi pa dzina la wogulitsa gwero lake ndi limeneli. Kunena zoona si nzeru yachilendo: kumudzi kwathu aliyense amadziwa mayi amene mowa wake suchepa mphamvu ndi bambo amene amanyowetsa chimanga kuti chilemere pasikelo. Omidyar adangotenga miseche ya pachitsime n'kuilemba poti dziko lonse liwerenge.

Lidatsala funso la ndalama. Poyamba ogula a pa eBay ankatumizirana macheke pa positi, malonda n'kumatenga milungu. Kampani ya PayPal, yomwe idayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, idapangitsa kuti munthu atumize ndalama pongodziwa keyala ya pa intaneti ya mnzake. Ogulitsa adaikonda kwambiri mwakuti mu 2002 eBay idaigula pa madola 1.5 biliyoni.

Chaka chomwe thovu lidaphulika

Pakati pa 1997 ndi 1999 anthu a ndalama ku America adachita ngati aledzera. Kampani iliyonse yonena kuti igulitsa pa intaneti inkapatsidwa mpamba wa mamiliyoni ngakhale isadapindulepo tambala. Chonsecho kumapeto kwa 1999 malonda a pa intaneti sankafika ngakhale gawo limodzi pa 100 la zonse zomwe anthu a ku America ankagula m'masitolo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mu Malichi 2000 mitengo ya masheya a makampaniwa idayamba kugwa, ndipo idapitirira kugwa kwa zaka ziwiri.

Pets.com, yomwe inkagulitsa chakudya cha agalu ndi amphaka, idatseka mu Novembala 2000 isadathe ngakhale chaka chimodzi pamsika wa masheya. Inkatumiza matumba olemera pa mtengo wosakwanira kulipira wonyamula, ndiye kuti kasitomala aliyense watsopano ankaonjezera kuluza. Webvan, yomwe idalonjeza kufikitsa ndiwo ndi zakudya pakhomo, idamanga nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu ogula asadapezeke, ndipo idagwa mu Julayi 2001. Onsewa adali atayankha funso la chithunzi ndi la ndalama, koma adapeputsa funso la mtengatenga. Kompyuta imatumiza mawu m'kuphethira kwa diso, koma thumba la makilogalamu 20 limafunabe msana wa munthu ndi mafuta a galimoto.

Amazon nayo idatsala pang'ono kumira. Mu 2000 mokha idaluza madola 1.4 biliyoni, ndipo masheya ake adagwa ndi pafupifupi 80 pa 100. Mu Novembala chaka chomwecho idachita chinthu chomwe ambiri adachiona ngati misala: idalola amalonda ena kuti azigulitsa katundu wawo patsamba lake, moyandikana ndi katundu wake womwe. Sitolo ija idasanduka msika. Mu 2006 idapitirira apo n'kuyamba kuwasungira katunduyo, kuwapakirira ndi kuwatumizira, zonse pa mtengo. Malinga ndi Bezos mwiniwake, mu 1999 amalonda akunjawa ankagulitsa 3 pa 100 ya katundu wa pa Amazon, koma pofika 2018 adali pa 58 pa 100. Kampaniyi idapeza phindu la chaka chathunthu koyamba mu 2003.

Mkhalapakati wa ku Hangzhou

Nkhani yomwe ikutikhudza kwambiri ife ndi ya ku China, chifukwa kumeneko zinthu zidali ngati kwathu kuno: anthu ochepa okha ndiwo adali ndi makhadi a kubanki, ndipo munthu sankakhulupirira mlendo pa nkhani ya ndalama. Mu 1999 Jack Ma, yemwe adali mphunzitsi wa Chingerezi, adasonkhanitsa anzake m'nyumba mwake mumzinda wa Hangzhou, onse pamodzi anthu 18, n'kuyambitsa Alibaba kuti ilumikize mafakitale ang'onoang'ono a ku China ndi opikula a kunja.

Mu 2003 eBay idalowa mwamphamvu m'dzikolo itagula kampani ya komweko yotchedwa EachNet. Alibaba idayankha potsegula msika wake wa anthu wamba, Taobao. Ambiri ankati nyerere yalimbana ndi njovu. Koma Taobao inkadziwa anthu ake. Siinkalipiritsa kuika katundu pamsika. Idalola wogula ndi wogulitsa kuti azicheza ndi kunenerera mtengo asadagulane, monga amachitira pamsika weniweni. Koposa zonse idabweretsa Alipay, yemwe ntchito yake idali ya mkhalapakati: wogula amapereka ndalama kwa iye, iye amauza wogulitsa kuti ndalama yafika tumizani katundu, ndipo ndalamayo imatuluka pokhapokha wogula atanena kuti walandira ndipo wakhutira. Palibe amene ankafunika kukhulupirira mnzake, onse ankangokhulupirira wapakatiyo. Pofika kumapeto kwa 2006 eBay idatseka tsamba lake la ku China.

Zotsatira zake zidafika mpaka kumidzi. Mudzi wa Dongfeng m'chigawo cha Jiangsu unkadziwika ndi kutoleza zinyalala za pulasitiki. Cha m'ma 2006 anyamata angapo adayamba kupanga mashelefu ndi matebulo osavuta n'kumagulitsa pa Taobao. Anansi ataona kuti zikuyenda adatengera, ndipo m'zaka zochepa mudzi wonse udasanduka wa akalipentala, opakira ndi oyendetsa malole. Midzi yotere idachuluka mpaka kufika zikwi. Koma tisaiwale kuti boma la China lidali litafikitsa kale misewu, magetsi ndi intaneti m'midzimo. Mu 2009 Alibaba idayambitsa tsiku la malonda otsika mtengo pa 11 Novembala ndi masitolo 27 okha, ndipo m'zaka zochepa lidakhala tsiku lalikulu la malonda a pa intaneti padziko lonse.

Ku India adayankha funso lomweli mwa njira ina. Flipkart, yomwe idayamba mu 2007 mumzinda wa Bangalore, idaona kuti anthu safuna kulipira chinthu asadachione, choncho mu 2010 idayamba kulola kuti munthu alipire katundu akafika pakhomo, monga adachitira gogo uja wa ku Gateshead.

Nanga kuno kwathu?

Mu Africa oyamba adali a ku South Africa, komwe Kalahari.net idayamba kugulitsa mabuku mu 1998. Takealot idatsegulidwa mu 2011 ndipo pambuyo pake idameza Kalahari. Amazon yeniyeniyo idadzatsegula sitolo yake m'dzikolo mu Meyi 2024. Ku Nigeria, Jumia idayamba mu 2012 mumzinda wa Lagos, idafalikira m'mayiko 14, ndipo mu Epulo 2019 idalowa pamsika wa masheya wa New York anthu akuitcha Amazon ya mu Africa. Chaka chisadathe idatseka malonda ake ku Cameroon, Tanzania ndi Rwanda, ndipo kumapeto kwa 2024 idatulukanso ku South Africa ndi Tunisia.

Chidavuta n'chiyani? Ndi funso lachitatu lija. Positimani wa ku America wa mu 1913 ankadziwa khomo la mlimi aliyense. Kuno keyala ya munthu imakhala yakuti, "Mukatsika pachigayo mukhotere kumanzere, mukaona mtengo wa mango mufunse ana kuti kwa a Nachisale ndi kuti." Wanjinga yamoto amatha theka la tsiku akufunafuna nyumba, akaipeza mwiniwake wapita kumaliro, kapena waliona diresilo n'kunena kuti silikufanana ndi la pachithunzi, salipira. Katundu abwerere, mafuta apita. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, 84 pa 100 amakhala kumidzi. Kampani yofuna kutengera Amazon ndendende iyenera kuyamba yaganizira zimenezi.

Pomwe Africa adatsogola ndi pa funso la ndalama. Mu Malichi 2007 kampani ya Safaricom ku Kenya idayambitsa M-Pesa, ndipo munthu wopanda buku la kubanki adayamba kutumiza ndalama pa kafoni wamba. Kuno Airtel Money idafika mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loona za malonda ndi mauthenga a pa makina, lomwe mwa zina limazindikira mgwirizano wopangidwa pa intaneti kuti ndi mgwirizano weniweni.

Ndiye Amalawi, osadikira kuti wina awamangire Amazon, adalumikiza okha zidutswa zomwe adali nazo. Chithunzi cha nsapato chimaikidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, yomwe idatsegula msika wake mu 2016. Kunenerera kumachitikira pafoni pomwepo. Ndalama imadutsa pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Katundu amakwera basi ya ku Mzuzu kapena minibasi ya ku Mangochi, wogula n'kupatsidwa nambala ya kondakitala, ndipo mtunda wotsiriza amamaliza ndi wakabaza. Mayi wogulitsa zitenje yemwe sakadakwanitsa lendi ya sitolo ku Limbe akupeza makasitomala ku Karonga. Abale athu a ku Johannesburg akuitanitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero mwa njira yomweyi, mabasi n'kumabwerera ndi mabulangete ndi mafoni.

Msika umenewu ndi wamoyo ndithu, koma uli ndi bowo lalikulu: ulibe mkhalapakati. Ndalama ikangochoka pafoni pako yapita. Ndani mwa ife sadamvepo za munthu amene adalipira foni yooneka bwino pachithunzi, ndipo atangotumiza ndalama nambala ya wogulitsa idasiya kupezeka? Wogulitsa wachilungamo naye amalira, pakuti akatumiza katundu asadalandire ndalama ndiye amene amagwa m'mbuna. Mapeto ake aliyense amagula kwa yemwe akumudziwa kapena yemwe mnzake wamuchitira umboni, ndipo msika womwe ukadakhala wa dziko lonse umangokhala wa pachibale. Zomwe Ward adachita mu 1875 ndi zomwe Alipay idachita ku China ndizo zikusowa pa malonda athu ambiri a pafoni.

Za galimoto za ku Japan zija zimayenda chifukwa mafunso onse atatu adayankhidwa. Kumeneko galimoto imayenera kupimidwa mokhwima ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, choncho ambiri amagulitsa galimoto zikadali zolimba. Iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife. Makampani monga Be Forward, yomwe idayamba mu 2004 ku Tokyo, amaika zithunzi zambirimbiri za galimoto iliyonse, ndalama imadutsa kubanki, sitima imatula pa doko la Dar es Salaam, ndipo madalaivala amaziyendetsa mpaka pachipata cha Songwe. Makampaniwa amadziwa kuti akabera munthu mmodzi ku Lilongwe, mawa tauni yonse yamva.

Koma taonani mbali yomwe ndalama ikulowera. Pa msika waukulu wa dziko lonse ife timafikapo ngati ogula. Galimoto, mafoni ndi zovala zikubwera, madola akutuluka. M'dziko lomwe ndalama zakunja zimasowa, lomwe kwacha yake idagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, imeneyi si nkhani yaing'ono. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, khofi wa ku Mzuzu, mtedza wa makademiya ndi ziboliboli za amisiri athu n'zinthu zomwe anthu akunja amazifuna, koma kuti kaphukusi kamodzi kachoke kuno kukafika ku London, mtengo wotumizira nthawi zambiri umaposa wa katunduyo.

Msikawu ngwa yani?

Pali funso lachinayi lomwe pamsika wa nkhuku silivuta. Pamenepo mwini msika ndi khonsolo, chiphaso chake chimadziwika, ndipo wodula ziphaso sagulitsa nkhuku. Pa intaneti mwini msika ndi kampani, ndipo nthawi zina nayonso ili ndi benchi yake pamsika pomwepo. Imaona chomwe chikuyenda malonda, mtengo wake, ndi yemwe akugula. Ndiyo imasankha katundu woonekera patsamba loyamba, ndipo wofuna kuonekera amalipira.

Mu 2020 bungwe la European Commission lidaimba Amazon mlandu wogwiritsa ntchito zinsinsi za amalonda a pamsika wake popikisana nawo, ndipo mu Disembala 2022 kampaniyo idalonjeza kuti sidzazigwiritsa ntchito motero. Mu Sepitembala 2023 bungwe la boma la America loona za mpikisano pa malonda, pamodzi ndi zigawo 17 za dzikolo, lidakasuma kukhoti ponena kuti amalonda ambiri amasiya pafupifupi theka la ndalama zomwe apeza m'manja mwa Amazon kudzera m'ziphaso zosiyanasiyana. Amazon idakana mlanduwo. Kaya khoti linena zotani, taonani momwe mbiri yazungulirira: malonda omwe adayamba pomasula mlimi kwa mwini sitolo mmodzi wa m'mudzi afika poti amalonda mamiliyoni akudalira mwini msika mmodzi.

Mliri wa Covid-19 mu 2020 udakankhira anthu ambiri ku malondawa, mwakuti ku America gawo lawo lidalumpha kuchoka pa 11 kufika pafupifupi 16 pa 100 m'miyezi yochepa. Kenaka kudatchuka Shein ndi Temu, yomwe idatsegulidwa mu Sepitembala 2022, zotumiza timaphukusi kuchokera kufakitale ya ku China mpaka pakhomo la wogula, kudumpha wopikula ndi wasitolo yemwe. Zidathandizidwa ndi lamulo la America lomwe linkalola phukusi losaposa madola 800 kulowa popanda msonkho, ndipo mu 2025 boma la dzikolo lidatseka khomo limenelo. Apanso tikuona zomwe tidaona mu 1913: cholembera cha boma chimatha kukweza kapena kugwetsa msika wonse.

Tsono ife titolepo chiyani? Mafoni tili nawo, ndipo kutumizirana ndalama tidakuzolowera msanga kuposa mayiko ena olemera. Zotsalazo si zamatsenga: nyumba zokhala ndi manambala, mtengatenga wopereka lisiti, mkhalapakati wogwira ndalama mpaka katundu afike, ndi malo omwe wobedwa angakadandaule n'kuthandizidwa asadathe nsapato. Wina adzazimanga zimenezi, kaya ndi Mmalawi kaya ndi mlendo, ndipo amene adzazimange ndiye adzakhale mwini msika ndi wodula ziphaso. Mayi wa zitenje uja, yemwe lero akujambula katundu wake pamkeka kuseri kwa nyumba, ali ndi chifukwa chofunsira msanga kuti chiphasocho chidzakhala cha ndalama zingati, ndipo adzachiika ndani. Paja safunsa adadya phula.